Pelele, Chipini ndi Ndolo: Mbiri ya Kuvala ndi Kuvula m'Chigwa cha Domasi

Pa msewu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, cha pamene mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa kuloŵera ku nyanja ya Chilwa, munthu wopenyetsetsa angathe kuona kanthu kamene makolo athu a dzulodzuloli sadakazoloŵere. Asungwana ambiri, ndi anyamata ena omwe, akuboola khutu pamwamba pouma paja, pa chichereŵechereŵe, naikapo kandolo kakang'ono, pamene kale anthu ankaboola m'munsi mofeŵa. Kanthu kameneka kadafika kale pa khomo la tchalitchi. Akuluampingo amatifunsa ngati mwana wotere angaimbe m'kwaya kapena kutumikira pa guwa ali chivalire. Makolo amafuna kuti wansembe alamule kuti avule tsiku lomwelo. Mwanayo naye amayankha kuti chilonda sichinapole, akavula bowo litsekeka kapena litukusira.

Ife ansembe kaŵirikaŵiri timayankha mofulumira: wina amati avule, wina amati nkhaniyo njachabe. Mayankho onse aŵiriŵa ali ndi chilema chimodzi, pakuti amayesa kuti kuvula chokongoletsa chimene chidaloŵa m'mnofu n'chimodzimodzi ndi kuvula chipewa. Mbiri ya chigwa chino ikutiphunzitsa zina. M'zaka zosakwana 200 anthu a kuno asinthapo kangapo zovala za pa nkhope, ndipo nthaŵi zonse kuvula kunali ndi tanthauzo lolemera kuposa kuvala. Tiyeni tsono tiyambe tamva mbiriyo tisanaweruze.

1. Mphete ya pamlomo ya Amang'anja

Mu April 1859 David Livingstone ndi John Kirk adafika ku nyanja ya Chilwa, nayenda pakati pa Amang'anja a m'mapiri a Shire. M'buku limene Livingstone adalemba pamodzi ndi mng'ono wake Charles, lotuluka mu 1865, muli umboni wa chimene chidawadabwitsa koposa pa amai a kuno: mphete ya pa mlomo wapamwamba, yotchedwa pelele. Msungwana ankamuboola pakati pa mlomo, pafupi ndi mphuno, naikapo kamtengo kuti bowo lisatsekeke. Chilonda chikapola, ankachotsa kamtengoko ndi kuloŵetsapo kena kokulirapo, ndipo ankachita chomwecho kwa masabata, miyezi ndi zaka, mpaka mlomo utatha kulandira mphete ya mainchesi 2, ndiye kuti pafupifupi masentimita 5. Osauka ankavala ya nsungwi, olemera ya mnyanga wa njovu kapena ya chitsulo choyera cha tini.

Pa umboni umenewu tiyenera kugwirapo mfundo ziŵiri. Yoyamba ndi yakuti kusintha kunali ndi lamulo lake: kuyembekeza kuti papole, kenaka kuchotsa chakale ndi kuikapo chatsopano nthaŵi yomweyo. Amai aja sadaŵerenge mabuku a mankhwala, komabe ankadziŵa kuti mnofu sukakamizika, ndi kuti bowo losiyidwa lopanda kanthu silikhalitsa. Mfundo yachiŵiri ndi yozama koposa. Livingstone adaona kuti mai sankaonekera pa anthu wopanda mpheteyo, kupatula pa nthaŵi ya maliro. Tsono kuvula kunali chilankhulo. Mlomo wopanda mphete unkauza mudzi wonse kuti m'nyumba umo mwaloŵa imfa. Munthu wachilendo amene akadauza mai wotere kuti avule chifukwa sizikongola, mosadziŵa akadamuuza kuti ayende ngati namfedwa masiku onse a moyo wake.

Masiku ano timamva ena akunena kuti amai ankadziboola milomo pofuna kudziipitsa kuti ogula akapolo asawasirire. Nkhaniyi imakoma m'makutu, koma eni ake sadanene choncho. Apaulendo aja atafunsa mfumu yokalamba Chinsunse chifukwa cha mwambowu, iyo idadabwa ndi funso lopusalo, niyankha kuti n'kukongola basi: amuna ali ndi ndevu, akazi alibe, nanga mkazi wopanda ndevu ndiponso wopanda pelele angaoneke bwanji? Azungu apaulendo aja polemba za mpheteyi adaitcha yonyansa, Chinsunse adaseka. Pamenepo maso aŵiri adakumana, ndipo lililonse linkayesa kuti linzake ndilo lakhungu.

2. Chipini cha Ayao

Dziko limene Livingstone adaliona silidakhalitse. M'zaka za m'ma 1860 Ayao adaloŵa m'dera lino kuchokera kumpoto chakuvuma, ndipo nkhondo, kugwidwa ukapolo ndi njala yaikulu ya 1862 ndi 1863 zidabalalitsa Amang'anja. Mishoni yoyamba ya UMCA, imene Episkopi Charles Mackenzie adaikhazika ku Magomero mu 1861, idagwa m'chipwirikiti chomwecho, ndipo episkopiyo adamwalira mu January 1862. Pamene Alexander Hetherwick wa Mpingo wa ku Scotland ankatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, chigwa chino chinali m'manja mwa mfumu ya Chiyao, Malemia, ndipo kumpoto, pa phiri la Chikala, kunali Kawinga, amene boma la Angerezi lidamgonjetsa mu 1895.

Pamodzi ndi Ayao kudabwera maulendo a malonda onka ku gombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane. Ndipo m'maulendomo mudabwera nsalu, mikanda, mfuti, Chisilamu, ndi kavalidwe katsopano. Amai adayamba kuboola pambali pa mphuno ndi kuikapo kabatani kotchedwa chipini. Dzina lenilenilo likuulula kwao: pa Chiswahili amati kipini. Olemba a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, monga Alice Werner, amene buku lake lidatuluka mu 1906, adapeza mphete ya pamlomo ikutha ndipo chipini chikufala. Mphete ya pamlomo idatsalira pa milomo ya nkhalamba, kenaka idapita nazo kumanda, ngakhale kuti kwa Amakonde a ku Mozambique ndi Tanzania, amene amaitcha ndona, idakhalabe zaka zambiri pambuyo pake.

Nanga ndani adavula amai a Chimang'anja mphete yao? Tingakonde kuloza chala munthu mmodzi, kaya mmishonale kaya bwanamkubwa wa ku Zomba, koma mbiri siyenda choncho. Ulemu udasamuka. Chokongoletsa chimakhala ndi moyo pamene anthu ochiona akuchimva tanthauzo lake. Tsono mafumu a Chimang'anja atagwa, midzi itasakanikirana, asungwana atayamba kukwatiŵa m'mabanja a olamulira atsopano kapena kukulira pa sukulu za mishoni, mlomo wobooledwa udaleka kunena kuti "mfulu ya kuno" nuyamba kunena kuti "wachikale". Nkhalamba zambiri sizidavule, chifukwa bowo la zaka makumi angapo silibwerera. Chimene chidachitika n'chakuti ana ao sadabooledwenso. Mwambo sudafe ndi kuzulidwa, udafa ndi kusoŵa woulandira. Ndipo nkhope sidatsale yopanda kanthu: chizindikiro china chidaloŵa m'malo mwa chinzake.

3. Khutu la Mngoni

M'chaka chomwecho cha 1884 ankhondo a Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, adaoloka Shire nathira nkhondo m'mapiri ano, anthu nathaŵira m'mapanga ndi pamwamba pa zitunda. Angoni adachokera kumwera ndi mwambo wao wa khutu. Kwa Azulu, abale ao, mwana ankamuboola makutu asanathe msinkhu, pa mwambo wotchedwa ukuqhumbuza, umene Eileen Krige adaufotokoza m'buku lake la mu 1936. Ankakhulupirira kuti kuboola khutu n'kutsegula nzeru, kuti mwanayo azimva ndi kumvera. Munthu wamkulu wosabooledwa ankamuyesa chitsiru chosamva. Bowolo ankalikulitsa pang'onopang'ono, mpaka mwamuna ankatha kusungamo kachibekete ka fodya wofwenkha.

Komatu chizindikiro chomwechi chinali ndi nkhope ina. Ana ogwidwa ku nkhondo ankawaboola makutu kuti asanduke Angoni. Kwa mwana wobadwira m'banja la Chingoni, bowo linali ulemu. Kwa wogwidwa, linali chidindo cha amene adamgonjetsa, ngakhale kuti pambuyo pake ambiri adadzalinyadira. Apa tikuona chimene Augustino Woyera adaphunzitsa pa za zizindikiro: chizindikiro ndi chinthu chimene, kuwonjezera pa maonekedwe ake, chimabweretsa chinthu china m'maganizo. Bowo ndi limodzi, minga kapena singano ndi imodzimodzi, koma tanthauzo limadalira amene waboola, amene wabooledwa, ndi mudzi umene ukuyang'ana. Munthu woweruza ndi maso okha adzalakwa kaŵiri pa katatu.

4. Zimene mnofu umaphunzitsa

Tibwerere kwa msungwana wa m'kwaya uja. Kodi akunama ponena kuti sangavule msanga? Iyai. M'munsi mwa khutu, m'mene amai athu ankaboola ndi singano nasiyamo ulusi kapena kaudzu, muli mitsempha ya magazi yambiri, ndipo mumapola pa masabata 6 mpaka 8. Chichereŵechereŵe chilibe mitsempha yakeyake ya magazi. Chimadya kuchokera ku kakhungu kopyapyala kamene kamachikuta. N'chifukwa chake chimapola mochedwa, miyezi ingapo, nthaŵi zina mpaka chaka chathunthu, ndipo kunja kumaoneka kouma m'kati mukadali mwaŵisi. Wozula ndolo nthaŵi isanakwane amang'amba khungu lanthete la m'bowomo, natsegulira njira tizilombo. Chichereŵechereŵe chikagwidwa mafinya, khutu limatupa, limatentha, limaŵaŵa kwambiri, ndipo likachedwa kuona mankhwala limatha kupindika osabwereranso. Ndiponso ife anthu akhungu lakuda timatuluka msanga zipsera zotupa zija zimene madokotala amazitcha keloid. Singano yobwerekana nayo ingathe kupatsirana kachilombo ka HIV ndi matenda a chiŵindi.

Nzeru ya achipatala pa kusintha ndolo yotere sisiyana kwenikweni ndi ya amai a Chimang'anja: dikirani papole, sambani m'manja ndi sopo, tsukani pamalopo ndi madzi owiritsa a mchere pang'ono, musakakamize ikakana kutuluka, mukachotsa ina ikanipo inzake yoyera nthaŵi yomweyo, ya chitsulo chosachita dzimbiri. Ngati patupa ndipo pakutuluka mafinya, malo ake ndi ku chipatala, osati ku sakristiya, pakuti nthaŵi zina bowo likatsekeka kunja mafinya amatsekeredwa m'kati. Tsono wansembe kapena katekisti wolamula kuti mwana avule pompo, asanafunse kuti adaboola liti, angathe kumpundula khutu m'dzina la ulemu wa nyumba ya Mulungu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Malembo Oyera ndi chiphunzitso cha Mpingo

Ena mwa akhristu anzathu a mipingo ina amaletsa ndolo ndi zokongoletsa zonse, ndipo akhristu athu akamva zimenezi amabwera kudzatifunsa. Tiyenera kuvomera kuti Malembo Oyera salankhula ndi liwu limodzi pa nkhaniyi, ndipo n'chifukwa chake amatiphunzitsa bwino. Mtumiki wa Abrahamu adaveka Rebeka mphete ya pamphuno ngati chikole cha ukwati (Genesis 24), ndipo mwa mneneri Ezekiele Chauta mwini akudzifanizira ndi mkwati woveka Yerusalemu chipini ndi ndolo (mutu 16). Koma ndolo zomwezo Aroni adazisungunula napanga fano la mwanawang'ombe (Eksodo 32), ndipo Yakobe adakwirira ndolo za a m'banja lake pamodzi ndi milungu yachilendo patsinde pa mtengo ku Sekemu asanapite ku Betele (Genesis 35). Yesaya akuopseza akazi odzikuza a ku Ziyoni kuti adzalandidwa zokongoletsa zao (mutu 3), ndipo kalata yoyamba ya Petro ikutikumbutsa kuti kukongola kwenikweni n'kwa mumtima.

Malo aŵiri akufanana modabwitsa ndi mbiri yathu. Pa Eksodo 33, Aisraele atamva kuti Chauta wakana kuyenda pakati pao chifukwa cha fano lija, adalira maliro, ndipo palibe amene adavala zokongoletsa zake. Mai wa Chimang'anja akadamva mau ameneŵa popanda womasulira. Ife tomwe timachita chimodzimodzi pamene tivula guwa nsalu zake madzulo a Lachinai Loyera. Ndipo pa Eksodo 21 ndi Deuteronomo 15, kapolo amene wakana ufulu chifukwa chokonda mbuye wake ndi banja lake ankamuboola khutu pa chitseko, kuti akhale wa nyumbayo moyo wake wonse. Bowo la ukapolo lidasanduka bowo la chikondi chodzisankhira. Mngoni akadamvanso zimenezi. Mwachidule, m'Malembo golide ndi bowo siziweruzidwa pa zokha; funso limakhala lakuti: wavalira yani, ndipo wavulira yani?

Tomasi Woyera wa ku Aquino, pokamba za kudzikongoletsa mu Summa Theologiae, gawo II-II, funso 169, akuti choipa sichili m'zinthu zakunja zimene munthu amagwiritsa ntchito, koma mwa munthu wozigwiritsa mopyola muyeso, ndipo akuti muyesowo uyenera kuyang'ananso mwambo wa anthu amene munthuyo akukhala nawo. Mu 1659 Bungwe la ku Roma loona za kufalitsa chikhulupiriro lidalangiza aepiskopi onka ku maiko a kuvuma kwa Asia kuti asakakamize anthu kusintha miyambo yao pokhapokha ngati ikutsutsana poyera ndi chipembedzo ndi makhalidwe abwino, ndi kuti asanyamule France, Spain kapena Italy kupita nawo kumeneko, koma chikhulupiriro chokha. Msonkhano wa Vatikano Wachiŵiri, wa 1962 mpaka 1965, udabwereza mzimu womwewo, ndipo Papa Paulo VI ku Kampala mu 1969 adauza Aafrika kuti angathe, ndipo ayenera, kukhala ndi chikhristu cha Chiafrika. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992 akutilamula kusamala moyo ndi thanzi (2288), akuletsa kudula kapena kupundula ziŵalo popanda chifukwa cha chipatala (2297), ndipo akuvomera kuti maonekedwe a kudzilemekeza amasiyana malinga ndi chikhalidwe cha anthu (2524). Bowo laling'ono losaononga ntchito ya khutu sitingalitche kupundula. Koma kuboola mosasamala, koika khutu ndi magazi pa chiswe, kukukhudzadi lamulo losamala moyo.

6. Kwa ife abusa

Sitikunena kuti kandolo ka masiku ano kali ndi kulemera kwa pelele. Pelele inali ya mudzi wonse, yolandira kwa anamkungwi ndi amai akuluakulu; kandolo ka pamwamba pa khutu kaŵirikaŵiri mwana amakaonera pa kanema kapena pa foni, nakavala yekha, makolo osadziŵa. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo pamenepo ndi pamene pali funso lenileni la ubusa. Kale thupi la mwana linkalembedwa ndi mudzi, kumuuza kuti ndiwe wathu. Lero mwana akudzilemba yekha, ndipo mwina akufunsa kuti: kodi ndine wa yani? Tikamuyankha ndi lamulo lokha lakuti vula, tayankha funso limene sadafunse. Dziko lathu lidayesapo kale kuweruza kavalidwe ndi lamulo la boma la mu 1973, loletsa amai kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo lamulolo lidagwa pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, osasiya mitima yosinthika.

Tsono tikupempha abale athu ansembe ndi aseminale amene akukonzekera ntchitoyi kuti asunge zinthu zitatu. Choyamba, tisaike pa mapewa a akhristu lamulo limene Mpingo sudaike. Palibe lamulo la Mpingo lomana munthu Ukaristia chifukwa cha ndolo. Ngati parishi kapena bungwe lili ndi mwambo wa kavalidwe ka otumikira pa guwa, ufotokozedwe ngati mwambo wa dongosolo, osati ngati tchimo, ndipo upereke nthaŵi yoti chilonda chipole. Chachiŵiri, tifunse tisanalamule: adaboola liti, adamuboola ndani, ndi chida chotani, ndipo makolo akuti bwanji. M'mafunso ameneŵa muli chisamaliro cha thupi, muli lamulo lachinai lolemekeza makolo, ndipo muli khomo loloŵera mumtima wa mwanayo. Chachitatu, ngati pali chimene tikufuna kuti munthu avule, kaya ndi ndolo, kaya ndi chithumwa, kaya ndi mwambo wa makolo, tikhale titakonzeratu chimene tidzaikepo m'malo mwake. Ambuye adatichenjeza za nyumba yosesedwa bwino koma yosiyidwa yopanda mwini (Mateyo 12). Amai a m'mapiri ano ankadziŵa chinthu chomwecho pa mlomo wa msungwana.

Tisaiŵalenso kuti Mpingo uli ndi mwambo wakewake wa khutu ndi mlomo. Pa ubatizo wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa wobatizidwa, kukumbukira Yesu amene adatsegula makutu a gonthi uja m'dera la Dekapoli (Marko 7), ndipo amapempha kuti munthuyo amve mau a Mulungu ndi kuvomera chikhulupiriro poyera. Malo aŵiri omwe aja amene Mngoni ndi Mmang'anja ankawalemba ndi minga, ife timawakhudza ndi chala. Chizindikiro chathu sichisiya bowo looneka, n'chifukwa chake chimaiŵalika msanga ngati sitichifotokoza. Msungwana wa ku Malosa akadzaima pa khomo la sakristiya ndi kandolo kake, ntchito yathu yoyamba idzakhala kumkumbutsa kuti khutu limenelo lidakhudzidwa kale, ndi kumuuza amene adalikhudza. Za kuvula kapena kusavula tidzakambirana naye pambuyo pake, pamodzi ndi makolo ake, chilonda chitapola.